Mlathowu unalembedwa pati?

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, amayi ndi abambo. Inu muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mawu anga safika patali.

Dandaulo lanu la mlatho ndalimva. Mtsinje ukadzaza ana amajomba kusukulu, wodwala mumamuwolotsa atamubereka kumsana, ndipo venda amakuuzani yekha mtengo wa chimanga podziwa kuti galimoto ina sifika kuno. Koma ndifunse: mlathowu unalembedwa pati?

Ndikufunsa dala. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, kuti chitukuko cha mudzi ngati uno chisamaganiziridwe ku Capital Hill kokha. Njira yake imayambira pompano. Komiti ya chitukuko ya kwa a Gulupu, ija timati VDC, imasonkhanitsa zosowa zanu n'kuziika mundondomeko, chachikulu patsogolo. Zikachoka apo zimapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa a T/A, komwe zimakakumana ndi za midzi ina. Zopambana kumeneko ndi zimene zimalowa m'pulani ya chitukuko ya khonsolo. Ndiye mukangodandaula pamaliro ndi pachigayo, koma mlembi wa VDC osalemba kanthu, kukhonsolo amayesa kuno zonse zili bwino.

Ena mukuti, "Timalemba, koma sizibwera." N'zoona, ndipo sindikutsutsani. Mphamvuzi zinabwera mokoka miyendo. Makhansala amene tinasankha mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Ndalama nazo zimafika mochedwa, mwinanso zoperewera. Komabe zikafika zochepazo, zimatsata pamene pali pepala ndi anthu olilondola.

Tsono za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lomwe linayamba mu 2006. Amayi, mukamavina potsegulira chipinda chophunziriramo, vinani ndithu, koma dziwani kuti ndalamazo sizichokera m'thumba mwa bwana aliyense. Ndi msonkho wanu womwe, uja amakudulani ngakhale pogula mayunitsi a foni. Choncho kufunsa si mwano. Ntchitoyi ndi ya ndalama zingati? Kontirakita ndani? Matumba a simenti analembedwa angati, nanga afika angati? Kontirakita akaona kuti komiti ikuwerenga matumba potsitsa, sayerekeza kuchulutsa mchenga.

China, musapemphe zinthu khumi nthawi imodzi. Mjigo, mlatho, sikelo ya ana, nyumba ya aphunzitsi, zonse n'zofunika, koma gwirizanani chimodzi choyamba. Ndipo posankhapo amayi alankhule, osangoti abwere kudzaphika. Amene amalawirira kumjigo ndi kugonera kuchipatala ndi iwowa.

Alembi, kope lija mwabwera nalo? Tsegulani. A Gulupu, mutilole tiyambe ndi amayi a kutsidyawa, atiuze okha kuti chiyambe n'chiyani.