Achinyamata a ku Greece ndi gule wa agogo awo: nkhani ya ku Ikaria

[Chithunzi: mapu a nyanja ya Aegean, kenako chilumba cha Ikaria]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikupita ku Ikaria, chilumba chamapiri cha dziko la Greece chomwe anthu ake sakwana 10,000. Ikafika August, zombo zochokera ku doko la Piraeus zimadzaza ndi achinyamata onyamula zikwama ndi matenti, ndipo ambiri ulendo wawo ndi wokavina gule wakumudzi.

Mwambowu amautcha panigiri. Ndi phwando lokumbukira tsiku loyera la tchalitchi cha m'mudzimo. Pa 6 August anthu amakhamukira ku mudzi wa Christos Raches, pa 15 August ku Langada, chigwa cha kutali m'mapiri. Akatha mapemphero amakhala pa matebulo aatali, nkumadya nyama ya mbuzi ndi kumwa vinyo wa pachilumbapo. Kenako vayolini ndi laouto, choimbira cha zingwe cha khosi lalitali, zimayamba kulira, mpaka kucha.

[Chithunzi: mzere wa ovina utagwirana m'mapewa]

Gule wotchuka pano ndi Ikariotikos. Ovina amagwirana m'mapewa nkupanga bwalo. Amayamba pang'onopang'ono ngati akuyenda chabe, kenako woimba vayolini amafulumiza, mapazi nkuyamba kudumphadumpha. Anthu akachuluka bwalolo limazungulira m'kati mwa linzake, mizere ingapo kupindana. Taonani bwino amene ali mu mzeremo: gogo wamvi wagwira phewa la mtsikana wa ku yunivesite ya ku Athens, ndipo mtsikanayo wagwira mlendo amene sanavinepo chibadwire. Palibe nsanja ya akatswiri, palibe oweruza. Ukalakwitsa phazi, mapewa a anzako amakubweza mu kayendedwe kake. Kwa ine, ichi ndicho chimakoka achinyamata: gule amene sakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

Palinso nkhani ya ndalama. Ophika ndi operekera chakudya ndi anthu a m'mudzimo, ogwira ntchito mongodzipereka, ndipo phindu limapita ku zosowa za mudzi monga kukonza msewu kapena tchalitchi. Wovina aliyense amene wagula mbale ya nyama wathandiza mudziwo.

Ndipo ambiri safika osadziwa kanthu. Magule achikhalidwe amaphunzitsidwa m'sukulu pa phunziro la masewera olimbitsa thupi, komanso bungwe la amayi la Lykeion ton Ellinidon, lomwe Kalliroi Parren anayambitsa mu 1911, likuphunzitsabe ana mpaka lero. Zilumba zina zili ndi awo: pentozali wothamanga wa ku Crete wovinidwa ndi lyra (choimbira cha zingwe chofanana ndi vayolini), ballos wa mwamuna ndi mkazi ku Naxos. Koma sirtaki, yemwe alendo amamuonera m'mahotela, si wakale ayi. Anapekedwa mu 1964 chifukwa cha filimu.

[Chithunzi: khamu la anthu usiku, magalimoto ndondondo m'kamsewu]

Kutchukaku kwabwera ndi mtolo wake. Phwando lomwe linali la midzi yoyandikana tsopano limalandira anthu masauzande, timisewu ta m'mapiri timatsekeka, ndipo nkhalamba zina zimasowa pokhala pa phwando la kwawo komwe. Ndiye mukadzafuna kuona panigiri ili m'manja mwa eni ake, sankhani kamudzi kakang'ono m'mwezi wa June kapena September.