Makalata a omvera: kulipira inshuwalansi ya chipatala pa credit card

Takulandiraninso nonse kulikonse komwe mukutimvera, yakwana nthawi ya makalata anu ija. Lero atatu abwera pa nkhani imodzi ngati munachita kupangana, ndiye tingoyamba.

Yoyamba yachokera ku South Bend, Indiana, ku America uko. Mayi awa akuti tisawatchule dzina, chabwino mayi tamva. Akuti: "Achimwene, ine ndimasamala okalamba m'makomo koma sindinalembedwe ndi kampani ndiye inshuwalansi ya chipatala ndimagula ndekha pa Marketplace, msika wa boma wogulirapo inshuwalansi, mwezi ndi mwezi $400. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndikugona, bwenzi ndikulipira pa credit card nkumapeza cash back olo mamailo a ndege obwerera kumudzi pa Khrisimasi. Zoona zimenezi kapena akungondinamiza?"

Mayi, mnzanuyo sakunama koma wakuuzani theka. Tengani pepala tiwerengere limodzi. Makadi ambiri kumeneko amabweza 1 kapena 2 peresenti, tiyerekeze yanu ndi ya 2, ndiye pa $400 mwapeza $8, chaka chonse $96. Ndalama ndithu, sitingainyoze poti mukanalipirabe inshuwalansiyo, koma zoti ikufikitsani pa Kamuzu International Airport iwalani kaye, imeneyo mwina ya basi yopita ku Chicago kokakwerera ndegeko.

Tsono musanathamange imbani foni ku kampani yanu ya inshuwalansi mufunse zinthu ziwiri. Choyamba ngati amalandira credit card nkomwe, chifukwa Marketplace ija inabwera ndi lamulo la Affordable Care Act la 2010 ndipo makampani amakakamizidwa kulandira cheke, money order, ndalama yochoka ku akaunti ya ku banki ndi prepaid debit card, koma credit card ndi kufuna kwawo, ena amalandira ena ayi. Chachiwiri ngati pali kandalama kapamwamba kamene amakatchula kuti convenience fee. Akati 3 peresenti ndiye kuti mwalipira $12 kuti mulandire $8, mwezi ulionse mukuluza $4 uku mukusangalala kuti mapointi akukwera pa foni. Pamenepo zisiyeni basi.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa chiwongoladzanja. Makadi a ku America ambiri amadula kupitirira 20 peresenti pachaka, ndiye $400 ija mukaisiya mwezi umodzi osabweza yabala pafupifupi $7, cash back yanu pafupifupi yonse yapita, mwezi wachiwiri ndinu amene mukudyetsa banki. Mapointi aja ndi nyambo mayi, banki imadziwa kuti ambiri adzalephera kubweza yonse pakutha pa mwezi. Ngati $400 yo ili kale mu akaunti mwanu ndipo mukungoidutsitsa pa kadi nkuibweza yonse bilu ikangobwera, palibe fee, pitirizani, mwinanso ingakuthandizeni kukwanitsa bonasi ija amapereka pa kadi yatsopano ukagula zinthu za ndalama zakutizakuti m'miyezi itatu yoyamba, apo mpamene pali kanyama. Kungoti muzisamala kadi ikamatha ntchito kapena akakusinthirani nambala, autopay imangoima phee inu osadziwa. Malipiro akaphonyeka chonchi, amene boma limawathandiza kulipira amapatsidwa miyezi itatu yoti akonze, koma mwezi wachiwiri ndi wachitatu kampani itha kuimitsa kaye kulipira mabilu anu akuchipatala.

Yachiwiri yachokera ku Joni, bambo a ku Randburg. Akuti: "Ine medical aid imachoka pa debit order koma masiku ano salale sikufika, pofika pa 20 ndauma, ana awiri kusukulu, kumudzi akufunanso ya feteleza. Ndimaganiza ndiziika pa credit card bola ndizipezako ma eBucks, mukuona bwanji?"

Bambo anga, ndikuyankhani mosabisa. Funso lanu si la mapointi ayi, inu mukufuna kukongola kuti mulipire medical aid, ma eBucks, mapointi a ku banki aja, mwangowaika pamwamba kuti mtima ukhale m'malo. Masiku 55 opanda chiwongoladzanja amene mabanki a kumeneko amalengeza aja amagwira ntchito pokhapokha ukabweza yonse, ukangolipira minimamu basi ayamba kuwerenga, ndipo pansi pa National Credit Act amaloledwa kudula mpaka repo rate, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya dziko imakhazikitsa, kuphatikiza 14 peresenti. Mwezi wamawa mudzakhala ndi medical aid ina yoti mulipire kuphatikiza ya mwezi uno ndi mwana wake, salale ili yomweyo.

Komanso sindikuti muisiye medical aid, ayi ndithu, chifukwa mukakhala kunja masiku opitirira 90 pobwerera atha kukudikiritsani miyezi itatu musanayambe kuthandizidwa, matenda amene muli nawo kale ngati shuga kapena BP mpaka miyezi 12, ndiye ngati mwadutsa zaka 35 palinso chilango cha olowa mochedwa. Chanzeru aimbireni mufunse zotsikira pa pulani yotchipa, olo hospital plan yokha yoti mukagonekedwa alipire, zakuchifuwa ndi chimfine muzidzigulira nokha. Za feteleza zija kambiranani ndi akumudzi, auzeni chilungamo, Joni sikutola ndalama mumsewu.

Yomaliza ndi kauthenga kakafupi ka mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe, akuti "bigi, ine ndili pa MASM kudzera kuntchito, ndingalipire ndi kadi yanga ya Visa ndizipeza nawo mapointi?"

Mphwanga, tayang'ana bwino kadi yakoyo, ndikukhulupirira palembedwa debit, ndi ya pa ATM ija, imangotenga ndalama zako zomwe, si ngongole. Kulembedwa Visa sikutanthauza kuti ndi credit card. Ndipo poti MASM yako, medical aid ya kuno ku Malawi ija, imadulidwa pa salale abwana asanakupatse, palibe bilu yoti iwe ukaswaipe. Chimene ungachite pita kwa a HR ukafunse kuti uli pa pulani iti, imalipira zingati pa mano ndi magalasi, komanso ngati mayi akunyumba ndi mwana analembedwa. Tilandire kaye uthenga wamalonda, tikabwera tiwerenga za ma loan apu.