Munasankha mayi, simunasankhe nyumba yake

Zikomo a Gulupu, zikomo a nyakwawa, amayi ndi abambo nonse. Inu muli padzuwa uko senderani pansi pa nimu pano, malo alipo. Dzuwa la kuno kuchigwa silidikira kuti munthu amalize nkhani.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa kale, chifukwa ku mjigo ndi kumsika nkhani ndi yomweyi. Mudzi wina pafupi pompano, sindiutchula, anthu anasankha mayi kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko. Masabata awiri apitawa amuna awo anatenga kope la komiti, kukwera njinga, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo: amene akufuna dzina lake lilowe pamndandanda wa chimanga apereke K2,000 ya cholembera. Anthu anapereka. Agogo ena anagulitsa nkhuku yomwe inali pa mazira. Tsiku logawa litafika, mayina aja kulibe. Mayi uja sankadziwa n'komwe, koma lero ndi amene akuyenda chozolika, ndipo ena mwa inu mwayamba kale: tinanena ife, ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ayi abale. Ngoloyo imayenda bwinobwino. Anaigwetsera m'ngalande ndi munthu amene analumphiramo osaitanidwa.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndiwabwereza mpaka muwatope. Munasankha mayi, simunasankhe nyumba yake.

Tiyeni tiyambire pamwamba penipeni, chifukwa dziko lino linaonapo kale zimenezi. Pa 5 April 2012 a Bingu wa Mutharika anamwalira ali pampando. Pa 7 April mayi Joyce Banda analumbira kukhala pulezidenti, ndipo analamulira mpaka masankho a May 2014. Taonani poyamba: mpando sunapite kwa mayi wamasiye, sunapite kwa mchimwene wa malemu. Unapita kwa wachiwiri kwa pulezidenti, chifukwa malamulo oyendetsera dziko a 1994 amatero. Mpando wa boma si chuma cha masiye choti akubanja akhalirane pansi.

Tsono mayi Banda anali ndi amuna awo, a Richard Banda. Si munthu wamba ayi. Anakhalapo mkulu wa oweruza milandu onse m'dziko muno kuyambira 1992 mpaka 2002, kenako anakagwira ntchito yomweyo ku Swaziland, komwe lero timati Eswatini. Malamulo amawadziwa kuposa tonse tili pano kutiphatikiza pamodzi. Mkazi wa pulezidenti timamutcha mayi wa fuko, koma pamenepa Chichewa chinasowa mawu, pawailesi ankangoti First Gentleman. Funso ndi ili: mphamvu zawo zinali zotani? Tsegulani buku la malamulo, muliwerenge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ofesi ya mwamuna kapena mkazi wa pulezidenti simuipeza. Salumbira. Dzina lake silikhala papepala lovotera. Nyumba ya Malamulo ikavomereza bilu, pulezidenti amakhala ndi masiku 21 oti asayine kapena akane, ndipo cholemberacho chimagwiridwa ndi dzanja la pulezidenti basi, ngakhale patebulo lomwelo pakhale jaji wamkulu wopuma akumwa tiyi. Sasankha nduna, salamula asilikali, sakhala nawo pamsonkhano wa nduna. Kukanakhala kuti mayi Banda adwala mpaka kulephera ntchito, akanagwirizira mpando ndi a Khumbo Kachali, amene anali wachiwiri wawo, osati a Richard Banda. Chitetezo chomwe pulezidenti ali nacho, choti sazengedwa milandu ina ali pampando, n'cha iye yekha. Mwamuna wake akalakwa, khoti ndi lomwe lija timapitako ife.

Pamene malamulo amamutchula mwamuna kapena mkazi wa mtsogoleri ndi pa nkhani ya chuma, ndipo kumeneko samupatsa kanthu, amamuunika. Pulezidenti ndi nduna amayenera kuulula katundu wawo, ngongole zawo ndi mabizinesi awo pasanathe miyezi itatu atalowa m'boma, pamodzi ndi za amuna kapena akazi awo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Wofuna kupereka chiphuphu sagogoda khomo lakumaso, amadzera kuseri, kwa wapabanja. Ndiye opanga malamulo anati khomo lakuseri lija tiliyikenso nyali.

Nanga ntchito yake ndi chiyani? Kuperekeza pamiyambo ya boma, kulandira alendo, kuthandiza ntchito zachifundo ngati akufuna, kusunga pakhomo ndi kusunga pakamwa. Ena amasankha kusaonekera. Ku Tanzania mayi Samia Suluhu Hassan analowa upulezidenti mu March 2021, koma amuna awo a Hafidh Ameir ambiri simungawazindikire atadutsa pamsika wa Bangula. Ku Namibia mayi Netumbo Nandi-Ndaitwah analumbira mu March 2025, amuna awo anakhalapo mkulu wa asilikali a dzikolo, koma lero wolamula asilikaliwo ndi mkazi wawo. Ngati jaji ndi mkulu wa asilikali amatha kukhala pampando wachiwiri osafa nazo, inu a bambo a kwa ife chikukuvutani n'chiyani? Munasankha mayi, simunasankhe nyumba yake.

(Bambo wina wakweza dzanja: Pepani, ife kuno timalowola. Ng'ombe zinapita kwao kwa mkazi, ndipo Baibulo limati mwamuna ndi mutu wa banja. Ndiye mkazi wanga azinyamuka kupita ku misonkhano ku boma, kugona konko, ine osanenapo kanthu?)

Takhuta achimwene, khalani pansi. Musawaseke, afunsira ambiri amene mwangoti zii. Funso lanu lili ndi mbali ziwiri, ndipo mwazimanga mtolo umodzi.

Mbali yoyamba ndi ya m'nyumba. Kumeneko ine sindilowako, n'kwa inu awiri ndi ankhoswe. Akazi anu akamapita ku msonkhano ku Nsanje boma kapena ku Chikwawa, n'zoona ayenera kukuuzani: ndikupita liti, ndibwera liti, ana atsala ndi ndani, ku dimba kuthirira ndani. Ndipo nkhani imeneyi imayenera kukambidwa asanavomere udindo, osati atasankhidwa kale. Mabanja ambiri amagwa pamenepa. Tsiku la masankho bambo amaomba nawo m'manja, mwina akuganiza za alawansi. Pakatha miyezi itatu, nsima yachedwa kawiri, anzawo ku bawo ayamba kuwanena kuti akuphikira mkazi, basi moto wabuka. Mayi amayamba kujomba misonkhano, komiti imafa, mjigo ukathyoka palibe woitanitsa ndalama zokonzera. Ndiye kambiranani kale.

Mbali yachiwiri ndi ya mudzi. Ng'ombe zanu zinalowola mkazi, sizinalowole kope la komiti. Chidindo chija si cha apongozi anu, sanakupatseni pa tsiku la ukwati. N'cha anthu onse ali pano, kuphatikizapo amene simulankhulana nawo. Ndipo anzathu a Chimang'anja musaseke a Chisena, chifukwa kwa inu vuto ndi lomweli, langosintha nkhope. Kumeneko mkamwini amakhala phee, koma amalume ndi alongo ake a wapampando ndi amene amabwera kudzati mbumba yathu iyambe kulembedwa. Kaya ndi lobola kaya ndi chikamwini, mndandanda wa boma sudziwa zimenezo.

Za Baibulo, abusa ali pompano adzatithandiza Lamulungu, koma buku lomwelo lili ndi Debora, amene ankaweruza Aisraeli ali mkazi wa Lapidoti. Za Lapidoti timangomva dzina, sitimva kuti ankatolera ndalama pakhomo pa anthu odzaweruzidwa. Ndipo ndikuuzeni chimene chimachitika mukalowerera. Tinene kuti komiti ikufuna ngolo yotuta mchenga wa ku sukulu, inu ngolo muli nayo. Mukapatsidwa ntchitoyo mwakachetechete, ngakhale mtengo wanu ukhale wotsika kuposa wa aliyense, mudzi wonse udzati mayi wadya. Njira yake ndi iyi: mayi anene poyera kuti mmodzi mwa ofuna ntchitoyi ndi amuna anga, mlembi alembe mawu amenewo m'kope, mayi atuluke, wachiwiri wake atsogolere, komiti iyerekeze mitengo ya anthu atatu. Mukapambana, mwapambana pamaso pa anthu. Mukagwa, musakafunse kunyumba usiku kuti bwanji sunandimenyere nkhondo. Mwamva achimwene? Mutu wa banja, inde. Mutu wa komiti, ayi.

Amayi nanunso ndikudzudzuleni pang'ono, musaombe m'manja msanga. Ena mwa inu ndi amene mumapereka kope kwa abambo, mukuti iwo ndiwo amalemba bwino. Ena foni imene imalandira mauthenga a komiti ndi ndalama za gulu, nambala yake inalembetsedwa ndi chiphaso cha amuna anu, nambala yachinsinsi akuidziwa ndi iwo. Tsiku limene mwayambana, kapena apita kukadula nzimbe ku Nchalo foni ili m'thumba, ndalama za gulu zapita nawo. Kukampani ya foni adzakuuzani kuti mwini nambala ndi amene ali pachiphaso, ndipo adzakhala akunena zoona. Ndiponso inu nonse amene mumapita madzulo ndi nkhuku kapena mulu wa mlamba kwa bambo uja kuti akakunenereni kwa akazi awo, ndinu amene mukumuphunzitsa. Munthu wapatsidwa nsomba katatu, kachinayi amayamba kuitanitsa yekha. Kupereka chiphuphu ndi mlandu chimodzimodzi kulandira, lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limagwira mbali zonse ziwiri. Munasankha mayi, simunasankhe nyumba yake, ndiye nkhani ya komiti mukaitule kwa mayiyo, masana, mlembi ali pomwepo.

Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kuyang'ana mbuzi zawo, ndithamange. Kulembedwa pa chithandizo cha chimanga, cha madzi osefukira kapena Mtukula Pakhomo n'kwaulere, wina akati ya cholembera mukanene kwa a nyakwawa tsiku lomwelo. Kope ndi ndondomeko za misonkhano zizikhala kwa mlembi, ndalama kwa msungichuma, osati zonse m'nyumba imodzi. Ku banki osayinira akhale atatu ochokera m'mabanja osiyana, ndalama izituluka pakasayina awiri, ndipo mwamuna ndi mkazi wake asakhale onse osayinira. Nambala ya foni ya gulu ilembetsedwe m'dzina la amene ali ndi udindo, nambala yachinsinsi isinthidwe lero. Wapampando akadwala kapena akachoka, amagwirizira ndi wachiwiri wake, bambo asabwere kudzakhala pampando kuti ndikuimira akazi anga. Mndandanda uliwonse uwerengedwe mokweza pabwalo usanapite ku khonsolo, dzina ndi dzina, kenako umatidwe pakhoma la sukulu kuti wosakhutira adandaule katundu asanafike.

Tsopano amene munapereka ma K2,000 aja musachoke. Mlembi akhala patebulo apo, mutchule dzina, tsiku limene munapereka ndi amene analipo mukupereka. Musachite manyazi, a Gulupu anena kuti pepala limenelo likufunika pa bwalo la Lachisanu m'mawa, ndipo mayi wapampando adzakhalapo ngati mboni. Otsalanu mukhoza kupita, koma mabenchi awa abwerere m'kalasi, ana akuwafuna mawa.