Kupereka Ndemanga ndi Kuponya Voti pa Mpikisano wa Nkhani Zazifupi pa Intaneti

[Wofotokoza wakhala panja, kumbuyo kwake kukuoneka phiri la Zomba.]

Takulandirani, owonera athu, kuchokera muno mumzinda wa Zomba. Lero tikambirana za mipikisano ya nkhani zazifupi imene imachitikira pa intaneti, makamaka ija imene wopambana amasankhidwa ndi owerenga eni ake, omwe amapemphedwa kulemba ndemanga pa nkhani zimene awerenga ndiponso kuponya voti. Ambiri timathamangira voti chifukwa ndi yosavuta, kungodina kamodzi basi, ndipo ndemanga timaisungira tsiku lina lomwe silifika. Maganizo anga ndi akuti ndemanga iyenera kutsogola ndipo voti ibwere pambuyo, chifukwa munthu amene sangathe kulemba ziganizo zitatu zofotokoza zimene nkhani yamuchita ndiye kuti sanaiwerenge mokwanira kuti aiweruze.

Si mipikisano yonse imene imapereka mphamvu zimenezi kwa owerenga. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize, umene unayamba mu 2012 ndipo Amalawi amalowa nawo kwaulere, umalandira nkhani za mawu 2,000 mpaka 5,000 kudzera pa intaneti, koma amene amagamula ndi oweruza osankhidwa. Chimodzimodzinso Caine Prize, imene inayamba kuperekedwa mu 2000, ndipo mlembi wa kuno kwathu, Stanley Kenani, anafika nawo m'ndime yomaliza mu 2008 ndi mu 2012. M'mipikisano yoteroyo inu ndi ine timangodikira zotsatira. Koma m'mipikisano ing'onoing'ono ya pa Facebook, ya m'magulu a WhatsApp ndi ya pa masamba a alembi, woweruza ndi aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo, ndipo kawirikawiri woweruzayo amakhala kuti nayenso walowetsa nkhani yake mu mpikisano womwewo.

Ife a ku Zomba mwambo wounikirana zolemba si wachilendo kwa ife. Gulu la alembi la pa Chancellor College linayamba mu 1970, kolejiyo isanasamukire kuno ku Chirunga mu 1973, ndipo mwa anthu amene anadutsamo muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Alembiwo ankakumana n'kumawerengerana ndakatulo ndi nkhani, mwini wake ali pomwepo, pa nthawi imene lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968 linkachititsa kuti liwu lililonse lolembedwa liyesedwe kawiri. Wopereka ndemanga ankayenera kuloza mzere weniweni umene akuudandaula, chifukwa mlembi akanamufunsa maso ndi maso kuti akunena pati. Pa intaneti palibe amene amatifunsa funso limeneli, choncho tiyenera kumadzifunsa tokha.

[Pa sikirini pakuoneka ndime za nkhani yoyerekezera.]

Tiyerekeze kuti mwa nkhani zimene zalowa mu mpikisano muli ina yonena za mayi wogulitsa matemba. Mayiyo amanyamuka ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, m'bandakucha, kubwera ku msika waukulu wa Zomba. Mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale ndipo fizi ikufunika Lolemba. Ali m'njira, dengu la matemba likugwa pa galimoto n'kumwazikira m'matope, ndipo nkhani ikutha pamene mlongo wake wa ku Johannesburg akumutumizira ndalama pa foni, ndalama zokwanira fizi yonse.

Pansi pa nkhani yotere mudzapeza ndemanga zambiri zonena kuti, "Nkhani yabwino kwambiri, pitirizani." Ndemanga imeneyi imasangalatsa mlembi kwa mphindi imodzi, koma mutha kuichotsa pamenepo n'kukaimata pansi pa nkhani ina iliyonse popanda kusintha liwu, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chakuti sinakhudze nkhaniyo. Ya wina wonena kuti, "Zopanda pake, munthuyu sadziwa kulemba," ili ndi vuto lomwelo, kungoti yawonjezera chipongwe.

Tsopano tamverani ndemanga iyi: "Alembi, ndime yachiwiri, pamene mayiyo akumasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje n'kuwerenga ndalama kawiri ngakhale akudziwa kuti sizinachuluke, inandichititsa kumva umphawi wake popanda inu kutchula liwu lakuti umphawi. Dengu litagwa ndinayembekezera kuona chimene iye mwini achite, kaya atola matembawo n'kukawatsuka ku mtsinje, kaya akagogoda kwa wakatapila. Koma mlongo wa ku Johannesburg, amene simunamutchule paliponse m'mbuyomo, anabwera n'kumulanda mayiyo nkhani yake. Kodi mlongoyu munali naye m'maganizo kuyambira pachiyambi?"

Onani zimene wolemba ndemangayu wachita. Waloza ndime yeniyeni, wanena zimene zinachitika mumtima mwake powerenga, wasonyeza pamene chidwi chake chinaduka, ndipo wamaliza ndi funso m'malo mwa chigamulo. Sananene kuti mlembi alibe luso, ndiponso sanamulembere mathero ena. Mfundo yomalizayi ndiyofunika kuitsindika, chifukwa alembi anzathu ndi amene amalakwa kwambiri pamenepa. Munthu amene nayenso amalemba akawerenga nkhani ya mnzake amayamba kuona nkhani imene iye akanalemba, ndipo ndemanga yake imadzaza ndi mawu akuti "ine ndikanati mayiyo akomoke pamsika" kapena "ine ndikanayambira pa imfa ya mwamuna wake." Owerenga amadziwa bwino pamene nkhani yatsimphina, koma mankhwala ake ngofunika kumusiyira mwini nkhani.

Pali vuto lina limene ndimaliona kawirikawiri pakati pa ife owerenga Chichewa, ndipo gwero lake n'lomveka. Tinakula ndi nthano zimene zimatha ndi phunziro, ndipo kusukulu tinazolowera funso lakuti, "Kodi mwaphunzirapo chiyani pa nkhaniyi?" Chotsatira chake n'chakuti ena amaweruza khalidwe la mpangankhani, kutanthauza munthu wa m'nkhaniyo, m'malo moweruza luso la mlembi. Nkhani ikakhala ya kondakitala wa minibasi amene amabera okwera chenji ndipo pamapeto pake sakulangidwa, mumapeza ndemanga zodzudzula kuti nkhaniyo ikulimbikitsa kuba, ndipo mavoti ake amatsika. Komatu ngati kondakitalayo wakukwiyitsani mpaka kufuna kuti alangidwe, ndiye kuti mlembi wamuumba bwino moti mwamukhulupirira ngati munthu weniweni. Funso loyenera n'lakuti kodi mpangankhaniyo akuchita zinthu zogwirizana ndi mmene mlembi wamuonetsera, ndipo kodi pampondachimera pa nkhaniyo, pamene zinthu zafika pachimake, pachokera m'zochita zake kapena pangogwa kuchokera kumwamba ngati mlongo uja.

Za kalembedwe ka mawu ndinena mwachidule. Zolakwika monga kulekanitsa mawu oyenera kulumikizidwa zitchuleni kamodzi kumapeto kwa ndemanga, ndi chitsanzo chimodzi kapena ziwiri, popanda kuzisandutsa mlandu waukulu. Muzisiyanitsanso mawu a wofotokoza nkhani ndi mawu a ampangankhani. Msodzi wa ku Chilwa akamayankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chilomwe kapena Chiyawo, mlembi sanalakwitse, wangomvetsera bwino mmene anthu a kumeneko amayankhulira. Malamulo a kalembedwe, amene bungwe la Centre for Language Studies la muno mu Zomba lakhala likuwasamalira kuyambira mu 1996, sanapangidwe kuti msodzi aziyankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

[Pa sikirini pakuoneka manambala.]

Tibwere ku voti. Njira imene okonza mipikisano ambiri amaikonda ndi yakuti munthu aliyense asankhe nkhani imodzi, ndipo yopeza mavoti ambiri ipambane. Tiyerekeze kuti nkhani zilipo 10 ndipo ovota alipo 100. Nkhani yopeza mavoti 18 ikhoza kupambana ngakhale kuti anthu 82 sanaisankhe, mwinanso ambiri mwa iwo anaiona ngati yofooka kuposa zonse. Amalawi nkhani imeneyi timaidziwa bwino kuchokera pa chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chimene chinatanthauzira kuti wopambana pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Pa mpikisano wa nkhani vutoli limakula kwambiri pamene nkhani ziwiri zabwino zikufanana mtundu, chifukwa zimagawana owerenga, ndipo yachitatu imadutsa pakati.

Njira ina ndi yondandalika nkhani motsatira mmene mwazikondera: yoyamba ilandire mapointi 3, yachiwiri 2, yachitatu 1. Njirayi imadziwika ndi dzina la katswiri wa masamu wa ku France, Jean-Charles de Borda, amene anaifotokoza mu 1770. Ubwino wake ndi wakuti nkhani imene anthu ambiri aiika pachiwiri imapeza mphoto ya kukondedwa kwakeko. Kuipa kwake n'kwakuti wovota wochenjera, podziwa nkhani imene ikuopseza ya mnzake, amaisiya dala kunja kwa mndandanda ngakhale mumtima akudziwa kuti ndi yabwino. Palinso njira yopereka malikisi, mwachitsanzo kuyambira 1 mpaka 10, n'kupeza avereji. Apa chenjerani ndi chiwerengero cha ovota: nkhani imene yawerengedwa ndi anthu 2 okha, onse n'kupereka 10, imaoneka yoposa imene anthu 40 aipatsa avereji ya 8, pamene umboni wochuluka uli kwa yachiwiriyo. Okonza mpikisano wanzeru amaika malire akuti nkhani iyambe yavoteredwa ndi anthu angapo isanawerengedwe pa zotsatira.

Koma palibe masamu amene angateteze mpikisano kwa anthu ovota osawerenga. Tonse tinalandirapo uthenga pa gulu la WhatsApp la banja, la kwaya kapena la omwe tinaphunzira nawo limodzi, wakuti, "Chonde tavoterani mwana wathu, nkhani nambala 7, musaiwale kugawira ena." Wotumizayo sindimuona ngati munthu woipa, pakuti akuluakulu anati chibale n'fupa sichiola. Komabe mpikisano ukafika pamenepo umakhala ukuyeza kukula kwa banja ndi kuchuluka kwa manambala a mufoni, ndipo mtsikana wa ku Jali kapena ku Mayaka amene walemba nkhani yakupsa koma ali ndi anzake ochepa pa intaneti amagwa ulesi n'kusiya kulemba. Kukakhala kuti voti iliyonse ndi yolipira kudzera pa uthenga wa pafoni, ndiye kuti chikuyezedwa ndi thumba.

Musaganize kuti zimenezi zimachitika kuno kokha. Mphoto za Hugo, zimene zimaperekedwa kwa olemba nkhani zopeka za sayansi kuyambira mu 1953 ndipo amavota ndi mamembala a msonkhano wa okonda nkhani zoterozo, zinakumana ndi vutoli mu 2015. Magulu ena anagwirizana n'kufalitsa mndandanda wa mayina oti otsatira awo asankhe, mpaka anadzaza nawo malo a opikisana m'magawo angapo. Ovota ambiri atakwiya anasankha kuti mphoto isaperekedwe kwa aliyense m'magawo 5, ndipo limodzi mwa magawowo linali la nkhani yaifupi. Chaka chimenecho panalibe mlembi wa nkhani yaifupi amene anatenga mphotoyo.

Kwa inu amene mumakonza mipikisano, zambiri mwa izi zili m'manja mwanu. Bisani mayina a alembi mpaka kuvota kutatha, ndipo mlembi amene waulula nambala ya nkhani yake achotsedwe. Musaonetse chiwerengero cha mavoti nthawi yovota ili mkati, chifukwa anthu amakonda kutsatira kumene kwapita anzawo. Sinthasinthani dongosolo la nkhani pa tsamba, popeza zimene zili pamwamba zimawerengedwa kwambiri ndipo zapansi zimapeza wowerenga atatopa kapena bandulo itatha. Koposa zonse, lamulani kuti voti iwerengedwe pokhapokha ngati yabwera ndi ndemanga yotchula chinthu chenicheni cha m'nkhanimo. Lamulo limeneli limachepetsa mavoti, koma amene atsalawo amakhala a anthu amene awerenga. Inu ovota, ngati intaneti ikukudulirani, koperani nkhani zonse mufoni nthawi imodzi, muziwerenge pang'onopang'ono netiweki ili yotseka, mukulemba ndemanga zanu m'kope, ndipo mubwererenso ku nkhani ziwiri zoyambirira musanavote, chifukwa munaziwerenga musanadziwe mulingo wa zinzake.

Mukakayikira kuti nkhani ina yabedwa kwa mlembi wina, musalengeze pansi pa nkhaniyo. Tumizani uthenga kwa okonza mpikisano, muwasonyeze kumene nkhani yoyambayo ili ndi ndime zimene zikufanana, iwo afufuze. Nkhani ziwiri zikhoza kufanana mutu popanda kuberana, ndipo dzina la mlembi wachinyamata likadetsedwa pagulu silitsukika msanga.

Nanga inu alembi amene nkhani zanu zili pa mpikisano? Musayankhe ndemanga nthawi yovota isanathe, chifukwa kuyankha kumaulula dzina lanu ndiponso kumaopseza ena amene amafuna kunena zoona. Zotsatira zikatuluka, sonkhanitsani ndemanga zonse n'kuona malo amene atchulidwa mobwerezabwereza. Munthu mmodzi akadandaula za ndime ina, mwina ndi kakondedwe kake chabe. Anthu atatu osadziwana akapunthwa pa ndime imodzimodziyo, ngakhale aliyense atapereka chifukwa chosiyana ndi cha mnzake, ndime imeneyo ndiyo muyambire kukonza musanatumize nkhaniyo ku mpikisano wina.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona mmene mlembi angafupikitsire nkhani yake kuti ikwane m'chiwerengero cha mawu chimene okonza mpikisano alamula. Zikomo kwambiri poonera.