Magetsi Akazima, Utsi wa Mbaula ya Mapeleti Umapita Kuti?

Moni nonse amene mukuonera. Vidiyo ino ndi ya inu muli ku Britain, ku America, Canada kapena ku Italy, amene mwalowa m'nyumba yotenthetsa ndi mbaula ya mapeleti, timibulu tija ta utuchi wopanikiza.

Mbaula imeneyi imayaka nkhuni, inde, koma moyo wake ndi magetsi. Mkati muli chitsulo chopota ngati sikuluwu chimene chimagwetsa mapeleti pang'onopang'ono m'kambale koyakira moto. Muli fani yofalitsa kutentha m'chipinda, ndiponso fani ina, yofunika kuposa zonse, imene imakoka mpweya kudutsa pamoto n'kukankhira utsi panja. Magetsi akazima, zonsezi zimaima nthawi imodzi. Moto wokha ndiye suima. Mapeleti ali m'kambalemo amapitiriza kunyeka ndi kufuka, ndipo utsi ukasowa choukankha umafuna njira yake: pa chiboo cholowera mpweya, m'mbali mwa chitseko ngati chingwe chotsekera chatha, ngakhale m'bokosi losungira mapeleti.

[Kamera pa paipi kuseri kwa mbaula]

Taonani paipi iyi. Yangochoka pa mbaula, yaboola khoma, yathera panja chogona. Ambiri amakonda kuiika chonchi chifukwa n'zotchipa, ndipo fani ikamazungulira palibe vuto. Koma paipi yogona siikoka utsi payokha. Mphepo ikawomba kukhomako, utsi umabwerera m'nyumba.

Tsopano onani iyi. Yatuluka panja, yakumana ndi cholumikizira chooneka ngati T chokhala ndi chivindikiro pansi chochotsera phulusa, kenako yakwera m'mwamba. Mabuku a opanga mbaula ambiri amalangiza kuti ikwere pafupifupi mita 1.5. Utsi wotentha ndi wopepuka, umakwera wokha, ndiye paipi yoimirira ikadali yotentha imaukoka ngati chumuni ngakhale fani itafa. Ife timati ngati ndalama ilipo, ikwere mpaka kupitirira denga. Kagawo kogona kakhale kafupi, ndipo kazikwera masentimita awiri pa mita iliyonse. Kukhota kulikonse kumachepetsa mphamvu yokoka.

Paipi yake ikhale yopangidwira mapeleti, ya mamilimita 80 kapena 100, ku America amati mainchesi 3 kapena 4. Popeza fani imakankha utsi mwamphamvu, polumikizira paliponse pakhale labala yake kapena silikoni yopirira kutentha, apo ayi utsi umadontha. Kamwa la paipi litalikirane ndi zenera ndi chitseko: ku America muyezo wodziwika ndi mafiti 4 m'mbali kapena pansi pa zenera, pokhapokha buku la mbaula yanu litanena zina. Chipale chofewa chisalikwirire. Ngati mbaula ili ndi polumikizira paipi yotengera mpweya panja, ikani. Utsi ukabwerera, wambiri umatulukira kumeneko osati m'chipinda.

Za batire. Mbaula ikamayaka imadya mawati pafupifupi 100, koma poyatsa imatha kufika 300 mpaka 500. Ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka mphamvu magetsi akazima, kangathe kuyendetsa fani mpaka moto utazimiratu, bola magetsi akangopita mukanikize batani lozimitsa mbaula. Mukafuna kutentha kwa maola, batire ya 12V 100Ah ya mtovu, imene simuyenera kuitsitsa kupyola theka, ingakupatseni maola anayi kapena asanu. Invata yake ikhale ya mtundu wa pure sine wave, yotulutsa magetsi ofanana ndi a m'nyumba. Zotchipa zija za modified sine zimalizitsa mota, kuitenthetsa, mwinanso kusokoneza bolodi yoyendetsa mbaula.

Nanga magetsi azima, batire mulibe? Chitseko cha mbaula musatsegule, chivindikiro cha mapeleti chikhale chotseka. Utsi ukayamba kumveka, tsegulani zenera la m'chipindacho, ana ndi agogo muwatulutse. Magetsi akabwera musathamangire kuyatsa. Dikirani izizire, mutaye mapeleti osapsa otsala m'kambale m'chitini chachitsulo, osawabwezera m'bokosi. Kambale kodzaza kamafuka kwambiri kasanayake, ndipo utsi wodzazanawo ukagwira moto umaphulika kamodzi mwamphamvu moti galasi likhoza kusweka.

Utsi umaoneka, umanunkha. Choopsa kwambiri ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba nthawi ya Juni kwathu. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, n'kumati mwina ndi chimfine. Anthu awiri atatu m'nyumba akamva zimenezi nthawi imodzi, tulukani nonse, imbani 999 ku Britain kapena 911 ku America ndi Canada.

Alamu ya mpweyawu ikhale yoyendera batire, yolembedwa EN 50291 ku Ulaya kapena UL 2034 ku America. Ku England imaikidwa mita imodzi mpaka atatu kuchokera pa mbaula, padenga kapena pamwamba pa khoma, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2022 eni nyumba zalendi, kuphatikizapo za khonsolo, amakakamizidwa ndi lamulo kuiika m'chipinda chilichonse chokhala ndi chotenthetsera choyaka moto, kupatula sitovu ya gasi yophikira. Ngati mulibe, auzeni alandilodi lero lomwe. Ina muike pafupi ndi zipinda zogona.

Jenereta ikhale panja, mamita asanu ndi limodzi kuchokera panyumba, osati m'galaja ngakhale chitseko chili chotsegula. Ndipo chisanu chisanayambe, tsegulani chivindikiro cha T chija mugwetse phulusa, paipi yonse itsukidwe kamodzi pachaka kapena mukatha tani imodzi ya mapeleti, chifukwa paipi yodzaza phulusa siikoka ngakhale itakwera bwanji.