Kulumikiza kompyuta ku njanji ya tisitima ta DCC

PA SIKIRINI: Tebulo la m'galaja. Njanji ya HO yozungulira, mutu wa sitima umodzi, laputopu pambali.

Muli bwanji abale ndi alongo, inu a kuno ku Johannesburg ndi inu amene mukuonera muli kumudzi. Lero tikufuna kasitima aka kazimvera laputopu iyi, kenako kazimveranso foni. Tisanagwire chilichonse, mvetsetsani ichi: palibe waya wochokera pa njanji amene amalowa mu kompyuta. Pa njanji ya saizi iyi, yotchedwa HO, pamakhala mavolti pafupifupi 15, pomwe USB imayendera mavolti 5 okha. Mukazikumanitsa, laputopu mwaitaya. Kompyuta imalankhula ndi bokosi lotchedwa command station, ndipo bokosilo ndi limene limalankhula ndi njanji.

PA SIKIRINI: Mutu wa sitima wovundukulidwa, chala chikuloza dikoda.

Ambirife tinadziwa masitima akale aja a thiransifoma. Ukapotokola batani magetsi amakwera, ndiye chilichonse chili pa njanji chimathamanga, kaya ndi masitima awiri kaya atatu, onse pamodzi. Pa DCC (Digital Command Control, njira yolamulira tisitima ndi uthenga wa manambala) magetsi amakhala pa njanji nthawi zonse, ngakhale sitima itaima. Magetsiwo amangotembenuka uku ndi uku mofulumira kwambiri, ndipo uthenga uli m'kutembenukako. Akakhala mbali imodzi ma microsecond 58, mbali inanso 58, imeneyo ndi nambala 1. Akachedwa kufika 100 kapena kuposerapo, imeneyo ndi 0. Kachipangizo aka m'mimba mwa injini, dikoda, kamawerenga manambalawo. Zili ngati mphunzitsi akuitana mayina m'mawa: kalasi yonse imamva, koma amavomera ndi mwini dzina yekha. Dzina la injini ndi nambala yake, adiresi, ndipo dikoda yatsopano imachoka ku fakitale ili pa adiresi 3.

Njira imeneyi inayambira ku kampani ya Lenz ya ku Germany m'zaka za m'ma 1980, kenako bungwe la NMRA la ku America linaikhazikitsa kukhala muyezo wa onse m'zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake dikoda ya kampani ya ESU imamvera command station ya kampani ya Digitrax popanda vuto.

Koma apa ndi pamene anthu amatayira ndalama. Mgwirizano umenewu umathera pa njanji. Pakati pa command station ndi kompyuta palibe muyezo umodzi, kampani iliyonse ili ndi chilankhulo chake. Digitrax ili ndi LocoNet, ndiye mumafunika PR4 yawo kapena LocoBuffer-USB. Lenz ili ndi XpressNet ndi kabokosi kakekake. Power Cab ya NCE imafuna kabolodi ka USB ka NCE komweko. Z21 ya Roco ndi ECoS ya ESU sizifuna USB n'komwe, zimalowa pa rauta ndi chingwe cha netiweki. Choncho musanayitanitse chilichonse, tembenuzani bokosi lanu muwerenge dzina lake. Kabokosi ka LocoNet sikangakuthandizeni pa NCE ngakhale mapulagi ake ataoneka ofanana, ndipo kukakamiza pulagi chifukwa yalowa kukhoza kuwononga zonse ziwiri.

PA SIKIRINI: Arduino Mega, motor shield, chingwe cha pulintala, adaputala ya magetsi.

Ngati mulibe command station, malangizo anga ndi awa. Mabokosi onse ndatchulawa amachokera kunja, ndipo mukawonjezera mtengo wotumizira ndi msonkho, randi imalira. Ife tili ndi lendi, tili ndi fizi ya ana, tili ndi kumudzi kumene akudikira pakutha pa mwezi. Pali njira ina yotchedwa DCC-EX, imene inakula kuchokera ku DCC++. Pulogalamu yake ndi yaulere, ndipo imasandutsa Arduino Mega (kabolodi kamene mumalowetsamo pulogalamu) ndi motor shield (kabolodi koyendetsera mota kokhala pamwamba pake) kukhala command station yeniyeni. Zipangizo ziwirizi zimapezeka m'mashopu a zamagetsi konkuno ku Joni. Ubwino wake wina ndi woti USB ili kale pa Arduino, simugulanso kabokosi kapakati.

Musanakhazike shield pamwamba pa Mega, itembenuzeni. Pansi pake pali kamzere kolembedwa Vin Connect. Kaduleni ndi mpeni wakuthwa, muyeze ndi mita kuti kadukadi. Mukapanda kutero, magetsi a njanji amatsikira mu Arduino, imene imakondwa ndi mavolti 7 mpaka 12 basi, ndiye imatentha mpaka kupsa. Mukadula, Arduino izidya za USB, shield izidya za adaputala yake. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri muli chaja ya laputopu yakale ikungokhala, ndipo mtima ukuti igwire ntchito. Zambiri mwa izo ndi za mavolti 19, pamene malire a shield ya Arduino ndi 18. Isiyeni. Pezani ya mavolti 15 ngati njanji yanu ndi HO, yocheperapo ngati ndi ya saizi yaing'ono yotchedwa N. Mawaya a mbali ya A apite ku njanji yaikulu, a mbali ya B apite ku kanjanji kakafupi kapadera, kosakhudzana ndi inzake. Kanjanji kameneka tikabwererako. Pulogalamu ya DCC-EX mumailowetsa mu Arduino ndi EX-Installer, imene imakufunsani mafunso ochepa n'kumaliza yokha.

Thiransifoma yakale ija ichotseni pa njanji, mawaya ake omwe. Siyingakhale pa njanji imodzi ndi DCC.

PA SIKIRINI: Laputopu, JMRI ikutsegulidwa.

Pa kompyuta tiikapo JMRI, pulogalamu yolamulira tisitima. Ndi yaulere, imayenda pa Windows, pa Mac, pa Linux, ngakhale pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Imafuna Java, ndiye yambani mwaika Java amene tsamba la JMRI likunena. Palinso Rocrail, komanso zogula monga iTrain ndi TrainController, koma poyambira ine ndimakonda JMRI chifukwa cha gawo lake lokonzera madikoda lotchedwa DecoderPro. Mukangoitsitsa, intaneti siyifunikanso. Bandulo yanu siyikhudzidwa.

Lowetsani chingwe cha USB, pa Windows mutsegule Device Manager, muyang'ane pa Ports. Payenera kutuluka mzere watsopano, mwina COM3, mwina COM5. Zulani chingwe muone mzere umene wasowa, mubwezere muone wabwerera. Imeneyo ndiye port yanu. Ngati palibe chatuluka, musayambe kukayikira njanji kapena dikoda, vuto lisanafike kumeneko. Ma Arduino otchipa ambiri ali ndi kachipu ka CH340 kamene kamafuna dalaivala wake. Pa Linux port imaoneka ngati ttyUSB0 kapena ttyACM0, ndipo pa Ubuntu ndi pa Raspberry Pi dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout kuti muloledwe kuigwiritsa ntchito.

Mu JMRI pitani ku Preferences, kenako Connections. Sankhani dzina la command station yanu, sankhani port ija, musunge, pulogalamu iyambirenso. Mu JMRI yakale DCC-EX imalembedwa kuti DCC++. Kumbukirani kuti port imalola pulogalamu imodzi pa nthawi. Ngati Serial Monitor ya Arduino ili yotsegula kuseri, JMRI ikana kulumikizana ngakhale zonse zili bwino. A Z21, inu m'malo mwa port mulemba adiresi ya pa netiweki, imene imabwera ili 192.168.0.111.

Yeso loyamba musaike sitima. Dinani batani la magetsi mu JMRI, muone timagetsi ta pa shield tayaka. Dinaninso, tathima. Zikatero ndiye kuti kompyuta ndi bokosi akumvana, ndipo chilichonse chovuta kuyambira pano chili kutsogolo, ku njanji. Mukayeza njanji ndi mita wamba nambala yake musaikhulupirire kwenikweni, chifukwa mita zimenezi anazipangira magetsi a m'nyumba a 50 Hz, osati a DCC.

PA SIKIRINI: Kanjanji kakafupi, injini imodzi pamwamba pake.

Tsopano tabwerera ku kanjanji kaja, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa kwa ine phindu lenileni la kompyuta lili pano kuposa kuyendetsa sitima ndi mausi.

Dikoda imasunga makhalidwe a injini m'timabokosi ta manambala totchedwa CV. CV1 ndi adiresi yaifupi, kuyambira 1 mpaka 127. CV17 ndi CV18 pamodzi zimasunga adiresi yaitali, ya manambala anayi, kuti muthe kuitana injini ndi nambala yolembedwa pambali pake. CV2 ndi mphamvu yonyamukira, CV3 ndi kufulumira kwa kunyamuka, CV4 ndi kuchedwa kwa kuima. CV29 ndi imene imaliza anthu. M'nambala imodzi yomweyo muli mbali imene injini imaitenga ngati kutsogolo, muli kuchuluka kwa masitepe a liwiro, mulinso ngati izimvera adiresi yaifupi kapena yaitali. Pa kabokosi ka m'manja umachita kuwerengetsera wekha n'kulemba nambalayo, ndipo ukaphonya pang'ono injini imangoti zii, iwe n'kumati yafa pomwe ikudikira kuitanidwa ndi dzina lina. DecoderPro imakuwerengerani. Inu mumangosankha mawu omveka pa sikirini.

Ikani injini imodzi yokha pa kanjanjika. Mu DecoderPro dinani New Loco, kenako Read type from decoder. Yang'anitsitsani injiniyo: ikunjenjemera pang'onopang'ono, mwina ikusuntha ndithu. Kumeneko ndiko kuyankha kwake. Pa kanjanji aka dikoda imavomera pokoka magetsi owonjezera, ma milliamp osachepera 60 kwa ma millisecond pafupifupi 6, ndipo imatero pogwedeza mota. Command station ikamva kukokako imadziwa kuti yankho ndi inde. Ndiye mawilo akakhala akuda, kapena mota isanalumikizidwe, yankho silifika, ndipo JMRI inena kuti palibe chavomera. Pukutani njanji ndi mawilo musanaganize zoti dikoda yawonongeka. Ikavomera, pulogalamu imawerenga CV8, nambala ya kampani yopanga, ndi CV7, nambala ya mtundu wa dikodayo, n'kukusonyezani mitundu imene ikufanana nayo.

Musanasinthe kanthu, werengani masamba onse n'kusunga. Zimatenga nthawi, makamaka pa dikoda ya mawu, koma mukatero injini yanu yalembedwa m'kaundula monga inabwerera. Tsiku lina mwana wakhudza mabatani, kapena mwasintha zinthu mpaka simukudziwanso pobwerera, mumangolembanso zakale zija ndi batani limodzi.

Kanjanji aka kalinso ndi ntchito yoteteza. Magetsi ake ndi ochepa dala. Kuno ku South Africa m'misika ya zinthu zakale mumapezeka masitima a Lima opakidwa mitundu ya njanji za dziko lino, ndipo ambiri timafuna kuwaikira dikoda tokha. Lamulo lake ndi loti mapazi onse awiri a mota asakhudzane ndi mawaya ochokera ku mawilo. Waya wofiira ndi wakuda amapita ku mawilo, wa olenji ndi wotuwa amapita ku mota. Mukamaliza kuwotcherera, injiniyo iyambe yakwera kanjanji kakafupi. Ngati pali shoti, dikoda ili ndi mwayi wopulumuka. Pa njanji yaikulu ikhoza kupsa musanaphethire. Ndipo injini yopanda dikoda musaisiye pa njanji ya DCC, imalira mokhala ngati udzudzu uku mota ikutentha.

Pang'ono pokha za kukula kwa njanji, poti ena amafunsa. Njanji za South Africa ndi za kwathu ku Malawi ndi zofanana, mamilimita 1067 pakati pake. Njanji ya HO, ya mamilimita 16.5, ikuimira njanji yotakata ya 1435, ngati ya Gautrain. Amene amafuna zenizeni amamanga pa njanji ya mamilimita 12. Kwa DCC zonsezi n'chimodzimodzi.

PA SIKIRINI: Foni m'manja, sitima ikuyenda.

Za foni n'zachidule. Mu JMRI yatsani WiThrottle Server. Pa Android ikani Engine Driver, pa iPhone ikani WiThrottle. Foni ndi laputopu zikhale pa Wi-Fi imodzi. Windows ikafunsa ngati Java iloledwe pa netiweki, vomerani. Foni ikalephera kuipeza yokha, lembani adiresi ya laputopu ndi port 12090. Injini zonse za m'kaundula muja zitulukira pa foni ndi mayina awo, ndipo mlendo aliyense wobwera ndi foni yake ali ndi chowongolera.

Magetsi a kuno mukuwadziwa. Akathima, laputopu imapitirira ndi batire koma njanji imafa, ndiye akabwera yambani mwaimitsa masitima onse pa sikirini musanayatse njanji. Ngati mukugwiritsa ntchito Raspberry Pi, kuthima kwadzidzidzi kumawononga khadi lake, choncho kaundula uja mukopere pa fulashi. Kuyambira Okutobala mpaka Marichi, mvula ya masana ya ku Johannesburg imabwera ndi mphenzi zoopsa. Kukayamba kugunda, zulani pa khoma adaputala ndi chaja, osati kungothimitsa pa switchi.

PA SIKIRINI: Chithunzi cha njanji pa PanelPro, gawo lina la JMRI, sitima yeniyeni ikudutsa koma pa sikirini palibe chasintha.

Taonani apa. Sitima ikudutsa, koma kompyuta siyikudziwa. Pa njanji yaikulu, zonse talumikiza lero zimapita mbali imodzi: kompyuta ikulamula, koma siyikuona. Ngati mukulota masitima oima okha pa siteshoni ndi masiginolo osintha okha, njanji iyenera kudulidwa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi kachipangizo kozindikira kuti penapake pakukokedwa magetsi, n'kutumiza uthengawo kudzera pa LocoNet, pa chingwe cha mtundu wa S88, kapena pa mapini a Arduino yomweyi. Injini imazindikirika chifukwa imadya magetsi, koma bogi wamba sadya kanthu, ndiye akaduka n'kutsala m'chigawo kompyuta imati njira ili yoyera n'kutumizako sitima ina. Mankhwala ake ndi kuika resistor (kachipangizo kolola magetsi ochepa kudutsa) ya ma ohm 10,000 pakati pa mawilo awiri achitsulo a bogi. Ngati njanji yanu simunaikhomere pa thabwa, dulirani zigawozo panopa ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi waya wakewake wotsikira pansi pa tebulo, ngakhale zipangizo zozindikirazo mudzagule chaka chamawa.