Makalata a omvera: Mphindi 20 n'zokwanira kuphunzitsa za dimba?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wophunzitsa ulimi wa m'dimba. Akuti:

"Bambo muulutsi, phunziro limene kale linkatenga ola lathunthu, masiku ano okonza misonkhano akumalipatsa mphindi 20, ati anthu sachedwa kutopa n'kuyamba kutokosa mafoni. Tsono wophunzitsa akapanikizika amadula gawo lofunika, la zimene zimalakwika. Amangoti fesani, thirirani, okani, basi. Sanena kuti njere ikwiriridwe mozama kuwirikiza kawiri kapena katatu kukula kwake, chifukwa ikazama kwambiri mphukira imatha mphamvu isanatuluke. Sanenanso kuti mbande zothithikana pa nazale yonyowa kwambiri zimaola m'tsinde, pamene pagundana ndi dothi, n'kugwa ngati zadulidwa ndi lumo. Munthu akaona zimenezi amangoti mbewu inali yoipa."

Mwalasa, bambo, koma mphindi 20 si zochepa ayi. Ku misonkhano yotchuka ya TED, kumene akatswiri amakamba nkhani zawo pagulu, wokamba nkhani sayenera kupitirira mphindi 18. Dulani malonje ndi mbiri yanu, ndipo mutenge mutu umodzi wokha. Ngati ndi nazale, ikhale nazale, za tizilombo zidikire tsiku lina. Mphindi 2 onetsani mbande yoola ija, 10 fesani anthu akuona, 5 kambani zolakwika, 3 zotsalazo mafunso.

Yachiwiri ndi ya mayi wina, ndipo iwo sakuvomereza kuti chidwi cha anthu chachepa:

"Zija zinafala mu 2015 zoti munthu amatchera khutu masekondi 8 okha, kuchepera nsomba ya goldfish, zilibe kafukufuku wozitsimikizira. Chimatopetsa anthu ndi kukhala manja lende. Apatseni aliyense manyowa a kompositi odzaza dzanja, afinye. Madzi akachucha, mulu wanyowa kwambiri, mpweya sukulowa, n'chifukwa chake ukununkha. Autembenuze n'kuthiramo masamba ouma. Akafumbatula dzanja manyowa n'kumwazika, mulu wauma ndipo suola. Abwino amagwirana, n'kudontha kadontho kamodzi kapena tiwiri. Dzanja lili ndi manyowa siligwira foni."

Hahaha, pomaliza apo mwandiseketsa, mayi. Ndiwonjezere chimodzi: njere yaing'ono sioneka kwa wokhala kumbuyo, ndipo amene sakuona ndiye amayamba kucheza. Anthu akachuluka agaweni m'magulu, gulu lililonse likhale ndi beseni lake la dothi ndi njere zake, wophunzitsa aziyendera.